Kamvuluvulu, Namondwe ndi Napolo: Mayina a Mphepo Yozungulira Patsinde pa Phiri la Mulanje

Wailesi ikalengeza kuti m'nyanja yamchere ya India mwabadwa namondwe ndipo walunjika ku Mozambique, munthu wa ku Muloza kapena wa kwa Njema safunsanso kuti namondwe ndi chiyani. Amayang'ana kuphiri, amayang'ana mtsinje, kenako amayamba kulingalira za komwe ana akagone. Komatu mawu amenewa sanayambe ndi tanthauzo limeneli. Zaka zingapo zapitazo, munthu wa kuno akamva za namondwe ankaganiza za asodzi a ku Mangochi ndi ku Nkhotakota, kapena za ulaliki wonena za ophunzira a Yesu ali m'ngalawa mafunde akugavira. Mawuwo ndi akale, koma ntchito imene tawapatsa ndi yatsopano, ndipo nkofunika kuona ngati akuisenza bwino, pakuti pa nkhani ya chenjezo dzina la chinthu ndi limene limauza munthu kothawira.

Mawu a Chichewa amene amanena mwachindunji za mphepo yozungulira ndi kamvuluvulu. Aliyense amene anakulira kumudzi amamudziwa. M'mwezi wa Okutobala, dzuwa lili paliwombo, mphepo ili zii, pabwalo la mpira kapena m'munda wososedwa mumangodzuka fumbi n'kuyamba kuvina, n'kutola makoko a chimanga, masamba a mango ndi timapepala, n'kuzikweza m'mwamba zikuzungulira. Amayi amene ayanika ufa pamphasa amathamanga kukaupinda, nkhuku zimabalalika, ndipo akadutsa pankhokwe amatha kusasula udzu wa padenga. Pakapita mphindi imodzi kapena ziwiri amakhala wazimirira, zotoledwa zija zikugwera m'munda wa eni ake.

Kapangidwe ka mawuwa kamafotokoza chinthucho bwino lomwe. Koyambirira kuli ka-, yemwe timamupeza mu kamwana, kanyumba ndi kamtengo, woonetsa kuchepa. Kenako pali vulu wonenedwa kawiri, monga momwe timanenera gwedegwede kapena waliwali tikafuna kuonetsa kuti chinthu chikuchitika mobwerezabwereza osalekeza. Munthu akamatchula kamvuluvulu, lilime lenilenilo limachita ngati likuzungulira. Mawuwa sanabwerekedwe kwa Azungu kapena kwa Aluya, ndi obadwira konkuno, ndipo anzathu olankhula Chitumbuka nawonso amati kavuluvulu. M'Chichewa momwemo katchulidwe kamasiyana malinga ndi dera: ena amati kamvuluvulu, ena kavuluvulu, ena kamvulumvulu. Buku Lopatulika, limene linatuluka lathunthu mu 1922, linalemba kuti kabvumvulu, ndi bv wa kalembedwe kakale yemwe ankapezekanso mu bvuto ndi kubvala malamulo a kalembedwe a bungwe la Chichewa Board asanamuchotse. Okalamba ambiri a m'mipingo yathu amatchulabe choncho powerenga.

M'Baibulo mawuwa anapatsidwa katundu wolemera kuposa kafumbi ka pabwalo la mpira. Eliya anakwera kumwamba ndi mphepo imeneyi, Yobu anayankhidwa kuchokera m'kati mwake, ndipo mneneri Hoseya anachenjeza kuti ofesa mphepo adzakolola kamvuluvulu. Pamenepa ka- uja sakuonetsanso kuchepa. Izi sizachilendo m'chiyankhulo chathu, chifukwa kambuku naye ali ndi ka- koma palibe amene amamuyesa kanthu kakang'ono, ndipo timati kambuku wagwira mbuzi, osati kagwira. N'chifukwa chake mumamva wina akunena kuti kamvuluvulu kadutsa, wina kamvuluvulu wadutsa. Woyambayo akuona kachinthu, wachiwiriyo akuona ngati munthu amene ali paulendo wake. Makolo ambiri ankaona mwa njira yachiwiriyi, ndipo ankaletsa ana kuthamangira m'kati mwake ponena kuti muli mizimu kapena mfiti imene ikudutsa. Kaya munthu akhulupirire zimenezi kapena ayi, lamulolo linali labwino, pakuti mphepo yonyamula mchenga, zitsotso ndi zidutswa za malata si yoti mwana aziseweramo.

Chimene chimadzutsa kamvuluvulu ndi kutentha kwa nthaka. Dothi louma lopanda udzu likapsa ndi dzuwa, mpweya umene wagundana nalo umatentha, umapepuka n'kuyamba kukwera mofulumira, ndipo mpweya wa m'mbali ukamathamangira kudzatseka malo otsalawo, umapotoka n'kuyamba kuzungulira. N'chifukwa chake amaoneka kwambiri m'chilimwe, m'zigwa zouma monga za ku Phalombe ndi m'mbali mwa Thuchila, kusiyana ndi m'minda ya tiyi momwe nthaka ndi yophimbika chaka chonse. Safuna mitambo, safuna mvula, ndipo angathe kuzungulira chakumanja kapena chakumanzere.

Mayina ena a mphepo amene makolo anatisiyira amayang'ana zinthu zina. Mkuntho amanena za mphamvu, ndipo khutu limamva ubale wake ndi kukuntha, monga pokuntha fumbi m'bulangete. Mphepo ya mkuntho ndi imene imagwetsa nthochi ndi kusasula madenga a sukulu mvula ikamayamba mu Novembala. Ambiri mwa mayina otsalawo amanena za kumene mphepoyo yachokera. Mwera ndi mpoto ndi mphepo zodziwika za kunyanja, ndipo mayina omwewo ndi amene timalozera nawo mbali za dziko tikamati kumwera ndi kumpoto. Chiperoni, yemwe amatikuta ndi nkhungu ndi mvula yowaza m'miyezi yozizira kuno ndi ku Thyolo, anatenga dzina ku phiri la Chiperone la ku Mozambique, mbali imene amachokera. Munthu wakale akadziwa kochokera mphepo ankadziwa zimene yanyamula.

Apa ndi pamene pali gwero la nkhani yonse. Chimphepo chachikulu cha kunyanja yamchere chilibe mbali imodzi yochokera, chifukwa chimazungulira, koma kukula kwake ndi kwa makilomita mazanamazana, kotero kuti munthu woima pakhomo pake sangaone kuti chikuzungulira. Iye amangoona kuti mphepo imene m'mawa imachokera uku, madzulo yatembenuka. Kamvuluvulu amaoneka yense ndi maso, pamene chimphepo ichi munthu amakhala m'kati mwake. Choncho sizodabwitsa kuti makolo athu, amene ankakhala kutali ndi gombe, sanachipatse dzina lonena za kuzungulira, ndipo ngakhale anthu a zombo za panyanja zikuluzikulu anatenga zaka zambiri kuti atsimikize zimenezi.

Mawu akuti cyclone, amene timawamva pa nkhani za Chingerezi, ndi aang'ono msinkhu poyerekeza ndi kamvuluvulu, ndipo mwini wake amadziwika. Anawapeka ndi Henry Piddington, Mngelezi amene anali woyendetsa zombo ndipo pambuyo pake anakhazikika ku Calcutta, m'dziko la India. Iyeyu ankasonkhanitsa mabuku amene oyendetsa zombo ankalembamo za ulendo wawo tsiku ndi tsiku, n'kumayerekeza kumene mphepo inkachokera pa chombo chilichonse pa tsiku limodzimodzi. Imodzi mwa nkhani zimene anazifufuza inali ya chombo chotchedwa Charles Heddle, chimene mu 1845 chinakumana ndi chimphepo pafupi ndi Mauritius, ndipo pothawa motsatira mphepo chinapezeka kuti chazungulira kangapo m'malo mopita kutsogolo. Mu 1848 Piddington anapereka dzinalo kuchokera ku mawu a Chigiriki onena za chinthu chozungulira, ndipo iye mwini anafotokoza kuti ankaganiza za njoka yodzipiringiza. Nyanja imene anaphunzirirapo zimenezi ndi yomweyi imene imatitumizira anamondwe lero. Anansi athu a ku Milange amamva mawu omwewa pa wailesi zawo m'Chipwitikizi, akuti ciclone.

Mayina ena akunja amanena za chinthu chomwechi, kungoti m'nyanja zina. Hurricane ndi wa ku Atlantic ndi kum'mawa kwa Pacific, ndipo anachokera kwa Ataino, anthu a pa zilumba za Caribbean, kudzera m'Chisipanishi. Typhoon ndi wa kumadzulo kwa Pacific, kufupi ndi Philippines, China ndi Japan, ndipo m'mbiri yake mwakumana mawu a Chiarabu akuti tufan ndi a Chitchaina otanthauza mphepo yaikulu. Tornado yekha ndiye chinthu china. Iyeyu ndi mphepo yozungulira yopapatiza imene imatsika kuchokera mumtambo wa mabingu n'kugunda pansi, yaukali kwambiri koma yosakhalitsa, ndipo imachuluka ku United States. Dzina lake linachokera ku mawu a Chisipanishi akuti tronada, onena za mvula ya mabingu, ndipo amalinyero a Chingerezi ankalitchula ponena za mikuntho ya kugombe la kumadzulo kwa Africa lisanasamukire ku tanthauzo la lero. Pa maonekedwe, tornado ndi amene amafanana ndi kamvuluvulu wathu, ngakhale kuti wina amatsika kumtambo pamene wina amadzuka padothi.

Tsono atolankhani ndi a zanyengo atafuna mawu a Chichewa otchulira cyclone, anali ndi posankha. Kamvuluvulu akanafotokoza bwino kuzungulirako, koma akanapeputsa ngoziyo, chifukwa munthu amene wamva kuti kukubwera kamvuluvulu amangoganiza zoanula ufa. Mphepo ya mkuntho inagwiritsidwa ntchito ndipo ikumvekabe, koma siisiyanitsa chimphepo cha masiku anayi ndi mkuntho wa theka la ola. Namondwe ndiye anapambana, makamaka kuyambira pa chimphepo cha Idai mu Malichi 2019, ndipo ndikuona kuti kusankhako kunali kwanzeru. Namondwe ndi mphepo ya pamadzi, yobwera ndi mafunde ndi mvula, yomiza mabwato, ndipo anthu anali atamudziwa kale kudzera m'nkhani ya Yona ndi ya pa nyanja ya Galileya. Mawuwa ali ndi na- koyambirira, monga nadzikambe, nalimata ndi namzeze, komanso monga mayina aulemu a Nabanda ndi Naphiri, ndipo amayenda ngati dzina la munthu: namondwe wafika, namondwe wapha anthu, namondwe wadutsa. Akawonjezerapo dzina lenileni, kuti namondwe wa Ana kapena namondwe wa Freddy, chiganizo chimakhala bwino m'kamwa ngati kuti mawuwo anapangidwira zimenezo.

Mayina enieniwo sachokera kwa ife tokha. Anamondwe a kumwera chakumadzulo kwa nyanja ya India amayang'aniridwa ndi likulu la zanyengo la pa chilumba cha La Réunion, ndipo mayina amatengedwa pa mndandanda umene maiko a m'chigawochi amakonzeratu, motsatira zilembo za alifabeti. Idai linaperekedwa ndi Zimbabwe. Freddy linaperekedwa ndi a zanyengo a ku Australia, chifukwa namondweyo anabadwira kufupi ndi dziko lawo kumayambiriro kwa Febuluwale 2023. Anawoloka nyanja yonse ya India, anagunda Madagascar pa 21 Febuluwale, analowa ku Mozambique pafupi ndi Vilankulo pa 24 Febuluwale, anabwereranso kunyanja kukatenga mphamvu, n'kudzalowanso pa 11 Malichi pafupi ndi Quelimane, m'chigawo cha Zambézia chimene tachita nacho malire pa Muloza. Bungwe la zanyengo la dziko lonse linatsimikiza kuti anakhala masiku 36, kuposa namondwe wina aliyense amene analembedwapo.

Namondwe amabadwa pamwamba pa madzi ofunda, a madigiri 26 kapena kuposerapo. Nthunzi imakwera, imasanduka mitambo, ndipo posandukapo imatulutsa kutentha kumene kumakokanso mpweya wina kuchokera pansi. Kuzungulira kwa dziko lapansi ndiko kumapotoza mpweya wothamangira pakatiwo, n'chifukwa chake anamondwe onse a kumwera kwa equator amazungulira motsatira mivi ya wotchi, pamene a kumpoto amazungulira mobwerera. Pakati penipeni pamakhala bata, malo amene a zanyengo amawatcha diso. M'chigawo chathu nyengo yake imayamba pakati pa Novembala mpaka kumapeto kwa Epulo, ndipo chimphepo chimatchedwa cyclone weniweni liwiro la mphepo yake likafika makilomita pafupifupi 118 pa ola. Koma chakudya chake ndi nyanja yofunda ija, ndipo akangokwera kumtunda mphepo yake imayamba kufooka. Pofika kwathu kuno, mphamvu yambiri ya mphepo imakhala itathera kugombe, ndipo chimene chimatsala ndi mitambo yodzaza madzi.

Apa ndi pamene dzina la namondwe limaperewera kwa munthu wa patsinde pa Mulanje. Phiri ili, lomwe nsonga yake ya Sapitwa ndi yotalika mamita 3,002, limaima ngati khoma panjira ya mitambo yochokera kunyanja. Mpweya wonyowa ukaligunda umakakamizika kukwera, umazizira, n'kukhuthula mvula masiku angapo osakata. Dothi la m'malo otsetsereka, lomwe lakhala pamwamba pa thanthwe, limamwa madzi mpaka kulephera kudzigwira, ndipo limagumuka pamodzi ndi mitengo ndi miyala. Zonsezi zikatsekereza chigwa kwa kanthawi kenako n'kuphulika, chimene chimatsika ndi phala la matope lonyamula miyala yaikulu kuposa nyumba, ndipo opulumuka amanena za mkokomo umene umamveka kuphiri madziwo asanafike. Chinthu chimenechi chili ndi dzina lake lakalekale, ndipo dzinalo ndi napolo.

Makolo ankati napolo ndi chinjoka chachikulu chokhala pansi pa phiri, chimene chikafuna kusamuka chimang'amba phirilo n'kudzilambulira njira, osasiya kanthu podutsa pake. Munthu akayang'ana zipsera zimene zinatsala pa Mulanje ndi pa Michesi, mizere yoyera yotsika mokhotakhota kuchokera pamwamba mpaka m'midzi, samavutika kumvetsa chifukwa chimene anaganizira za njoka. Piddington anaona njoka yodzipiringiza pamwamba pa nyanja, makolo athu anaona njoka yotambasuka ikutsika m'phiri, ndipo zimene zinachitika mu 2023 zinasonyeza kuti yoyambayo imatha kudzutsa yachiwiriyo. Napolo anadutsa ku Zomba mu Disembala 1946, n'kukokolola milatho ndi kupha anthu. Anadutsanso ku Phalombe mu Malichi 1991 kuchokera m'phiri la Michesi, ndipo anthu mazanamazana anafa. Zaka zimenezi n'zofunika kuzikumbukira pokambirana za kudula mitengo. N'zoona kuti kutha kwa mkungudza ndi mitengo ina chifukwa cha macheka, makala ndi moto kwafooketsa nthaka ya m'phiri ndipo kwawonjezera ngozi, koma napolo analipo nkhalango zikadali zowirira, kotero kuti kudzala mitengo, ngakhale kuli kofunika kwambiri, sikungasandutse khwawa kukhala malo abwino omangapo nyumba.

Freddy atafika, Lazarus Chakwera, yemwe anali Pulezidenti pa nthawiyo, analengeza pa 13 Malichi kuti m'chigawo cha kumwera mwagwa ngozi yaikulu, ndipo pambuyo pake dziko linalira maliro masiku 14. Anthu oposa 1,000 anafa kapena kusowa osapezekanso. Koma tikafunsa kuti anafa bwanji, yankho silili pa mphepo. Ku Chilobwe m'munsi mwa phiri la Soche, kwa Ntauchira ku Chiradzulu, ku Nkhulambe ku Phalombe ndi kwa Njema kuno ku Mulanje, chimene chinakwirira mabanja chinali matope ndi miyala, ndipo ena anakokoloka ndi mitsinje yosefukira. Chaka chimodzi Freddy asanabwere, mu Januwale 2022, namondwe wa Ana, yemwe mphepo yake sinafike n'komwe pa mlingo wa cyclone weniweni, anawononga malo opangira magetsi a Kapichira pa mtsinje wa Shire ndi madzi okhaokha, ndipo dziko linakhala m'mavuto a magetsi kwa nthawi yoposa chaka.

Nthambi yoona zanyengo inachenjeza za Freddy masiku angapo asanafike, ndipo uthengawo unatchula mvula yamphamvu ndi kusefukira kwa madzi. Komabe mawu amene amatsala m'mutu mwa womvera ndi dzina la chinthucho, ndipo munthu akamva za chimphepo, nzeru yake yoyamba ndi kutsindira denga ndi miyala, kutseka chitseko n'kukhala m'nyumba. Kwa wokhala pachigwa chotakasuka kutali ndi mtsinje, nzeru imeneyi ndi yabwino. Kwa wokhala pakamwa pa khwawa lotsika m'phiri, kapena m'mbali mwa Ruo, Likhubula, Lichenya ndi Muloza, nyumba yotsekedwa bwinoyo ndi malo oopsa kuposa ena onse. Mawu amodzi akuuza anthu awiri zinthu zofanana, pamene mmodzi ayenera kukhala ndipo wina ayenera kuchoka kusanade.

Sindikunena kuti namondwe asinthidwe. Mawuwa akhazikika, ana a sukulu akuwadziwa, ndipo Gombe mu 2022, Chido mu 2024 ndi Jude mu 2025 onse analengezedwa ndi dzina limeneli popanda wosokonezeka. Chimene ndikupempha n'chakuti m'maboma a mapiri, monga Mulanje, Phalombe, Thyolo, Chiradzulu ndi Zomba, wolengeza pa wailesi ya m'dera, mfumu poitanitsa msonkhano, ndi a komiti ya ngozi za m'mudzi poyenda ndi chimkuzamawu, azitchula napolo poyera pamodzi ndi namondwe. Ena ophunzira amazengereza kutero poopa kuti akhala ngati akuvomereza nkhani ya njoka ya pansi pa phiri, ndipo amasankha kunena kuti kugumuka kwa nthaka kapena madzi osefukira. Mawu amenewo ndi olondola, koma kugumuka kwa nthaka kumamveka ngati kadothi kogumuka m'mphepete mwa munda, ndipo madzi osefukira amakumbutsa za ku Nsanje ndi ku Chikwawa, kumene madzi amakwera munthu akuwaona. Agogo wa ku Nkhulambe akamva kuti napolo angadutse usiku uno, amadziwa liwiro lake, amadziwa makwawa amene anadzeramo kale, ndipo amadziwa kuti katundu amasiyidwa. Chenjezo loti namondwe wafika ku Quelimane ndipo m'masiku awiri kapena atatu akubwerawa napolo angatsike m'makwawa a phiri, litatchulanso mayina a makwawawo ndi sukulu kapena tchalitchi chokagonako, lingafike m'makutu a anthu a kwa Njema mosiyana kwambiri ndi chenjezo longotchula liwiro la mphepo pa ola.